Matenda a maganizo: umboni ulipo, koma ucedwa kufika ku kiliniki

LUSAKA – Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za umoyo wa maganizo, la Mental Health Act nambala 6, ndipo lamulo lakale la mu 1949 linafafanizidwa. Lamulo lakalelo linakhala m'mabuku a dziko lino zaka 70. Zambia inalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, maboma anabwera ndi kupita, malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kangapo, koma munthu wodwala maganizo anali kuonedwabe ndi maso a anthu amene analemba lamulo pamene dziko lino linali Northern Rhodesia.

Akatswiri a zaumoyo amakonda kunena kuti ndondomeko za boma ziyenera kuima pa umboni wa kafukufuku. Mau amenewa amamveka bwino pa misonkhano. Koma mbiri ya lamulo limeneli ikuonetsa kuti umboni suyenda wokha kucoka pa pepala la ofufuza kupita pa tebulo la nduna. Pamafunika anthu ounyamula, ndipo ngakhale utafika m'lamulo, umakhala utangoyenda theka la ulendo. Theka linalo, lofika kwa namwino wa pa kiliniki ya ku Mtendere kapena ya kumudzi ku Lundazi, ndilo lovuta koposa.

Kwa nthawi yaitali, thandizo la matenda a maganizo m'dziko muno linali kutanthauza malo amodzi: cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962 m'mbali mwa mseu wa Great East mu Lusaka. Zipatala zina zikuluzikulu za m'zigawo zinali ndi mawodi ang'onoang'ono a odwala maganizo, koma cisamaliro ca akatswiri cinali ku Chainama. Dzinalo linalowa ngakhale m'zonyozana. Munthu akalankhula zosamveka, anzake amamuuza kuti akufunika kupita ku Chainama, ndipo onse amaseka. Banja limene lili ndi wodwala silimaseka nao. Limabisa wodwalayo, limayamba lapita kwa ng'anga kapena ku mapemphero, ndipo limafika ku cipatala matenda atakula.

Zonsezi anthu anali kuzidziwa. Cimene cinali kusowa ndi kuzilemba mwadongosolo, moti wina asathe kutsutsa. Nchito imeneyi inagwiridwa kwambiri pakati pa 2005 ndi 2010, pansi pa kafukufuku wochedwa Mental Health and Poverty Project. Kafukufukuyo anacitika m'maiko anai, Ghana, South Africa, Uganda ndi Zambia, motsogoleredwa ndi yunivesite ya Cape Town, ndi ndalama zocokera ku boma la Britain. Colinga cake sicinali kuyesa mankhwala. Cinali kufufuza mmene ndondomeko ndi malamulo a umoyo wa maganizo amapangidwira, ndiponso cifukwa cake sagwira nchito.

Zimene anapeza muno zinali zoopsa. Malipoti a nthawi imeneyo anaonetsa kuti dziko la anthu pafupifupi 12 miliyoni linali ndi madokotala atatu okha a ukatswiri wa matenda a maganizo. Ndalama zopita ku nchito imeneyi sizinali kufika ngakhale kwacha imodzi pa makwacha 100 alionse a bajeti ya zaumoyo. Ofufuza ena a m'gulu lomwelo anaceza ndi anthu 50 mmodzimmodzi, nakhalanso ndi zokambirana za m'magulu zisanu ndi cimodzi, ndipo anapeza kuti tsankho kwa odwala maganizo silinali m'makomboni ndi m'midzi mokha. Linali m'mabanja, linali pakati pa ogwira nchito zaumoyo, ndipo linali kuonekeranso m'mene boma linali kugawira cuma.

Panalinso cinthu cina cimene anthu wamba sacidziwa kwenikweni. Zambia inali nayo kale ndondomeko ya umoyo wa maganizo, imene inatuluka mu 2005. Pa pepala inali kunena zabwino: thandizo lifike pafupi ndi kumene anthu akhala, ufulu wa odwala ulemekezedwe. Ofufuza atayerekeza ndondomeko za maiko anai aja, anapeza zofooka zofanana. Nkhani ya maganizo inali pansi kwambiri pa mndandanda wa zofunika za boma, ziwerengero zodalirika zinali zocepa, odwala eni ake sanali kufunsidwa mokwanira, ndipo zolembedwazo sizinali kufalitsidwa bwino kwa anthu oyenera kuzigwiritsa nchito.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu zimene kawirikawiri zimasakanizidwa. Ndondomeko imanena kumene boma likufuna kupita, koma siikakamiza munthu aliyense. Lamulo limakakamiza, ndipo wolakwiridwa angathe kupita nalo ku bwalo la milandu. Bajeti ndiyo imagula mankhwala ndi kulipira malipiro. Ndondomeko ya mu 2005 inali kulankhula za ufulu, pamene lamulo la mu 1949 linali kulolabe kuti munthu agwidwe ndi kutsekeredwa m'cipatala mosamufunsa. Pamene ziwirizi zatsutsana, wapolisi, woweruza ndi dokotala amatsatira lamulo.

Ofufuza anaphunzira kuti lipoti la masamba mazana ambiri silimawerengedwa ndi munthu amene ali ndi misonkhano isanu pa tsiku. Ndiye cifukwa cake panabadwa njira yolemba zikalata zazifupi zopita kwa opanga ndondomeko. Bungwe la Zambia Forum for Health Research linacita zimenezi pa nkhani ya maganizo, ndipo cikalata cake cinasindikizidwa mu 2012. Cinaika pamaso pa boma njira ziwiri zolowetsera thandizo la maganizo m'makiliniki wamba: kuyamba pang'onopang'ono m'malo ocepa, kuyesa bwino zotsatira zake kenako kufutukula, kapena kuyamba m'zigawo zonse nthawi imodzi.

Mmodzi mwa olemba cikalataco anali malemu Dr Joseph Kasonde, amene anatsogolera bungwelo ndipo anakhala nduna ya zaumoyo kuyambira mu 2011 mpaka mu 2016. Si kawirikawiri kuti wofufuza akhale pa mpando wa nduna, atanyamula umboni wake m'manja. Komabe lamulo latsopano silinatuluke m'zaka zimenezo. Izi siziyenera kuonedwa ngati mlandu wa munthu mmodzi. Zikuonetsa cabe kuti nduna ya zaumoyo imalimbana ndi malungo, HIV, cifuwa cacikulu ndi imfa za amai pobereka, ndipo matenda amenewa ali ndi ziwerengero zomveka, abwenzi akunja opereka ndalama, ndiponso anthu owalankhulira. Odwala maganizo analibe zambiri mwa zimenezi.

Cimene cinasintha zinthu ndi pamene odwala eni ake anatenga umboni uja n'kuupanga cida. Mu 2010 Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2012 inapanga lamulo la Persons with Disabilities Act. Kuyambira pamenepo lamulo la mu 1949 linali kutsutsana poyera ndi malonjezo a dziko. Mu 2014 bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, lopangidwa ndi anthu amene anadwalapo maganizo, pamodzi ndi bungwe lina lakunja loona za ufulu, linatulutsa lipoti la mmene odwala anali kusungidwira m'zipatala, kwa asing'anga ndi m'manyumba. Linafotokoza za kuthinana m'mawodi, kutsekera anthu m'zipinda za okha, ndi kumanga odwala.

Mu 2017 anthu atatu, mmodzi mwa iwo a Sylvester Katontoka amene anayambitsa bungwe la odwala lija, anasumira boma ku bwalo lalikulu la milandu mu Lusaka. Anapempha kuti lamulo lakale lithetsedwe. Mu Okutobala caka comweco bwalolo linagamula kuti cigawo 5 ca lamulolo, cimene cinali kugawa anthu m'magulu ndi mau a Cingelezi onga "idiot" ndi "imbecile", kutanthauza citsiru ndi wopepera, cinali kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Bwalolo silinafafanize lamulo lonse monga mmene odandaulawo anafunira. Koma boma linatsala ndi lamulo lobooka, ndipo pasanathe zaka ziwiri aphungu anavomereza latsopano.

Kunena kuti kafukufuku ndiye anabweretsa lamulo la mu 2019 kungakhale kukokomeza. Kunena kuti sanathandize kungakhalenso bodza. Ziwerengero ndi maumboni amene anasonkhanitsidwa kuyambira mu 2005 ndiwo anacititsa kuti madandaulo a odwala asaoneke ngati nkhani ya munthu mmodzi wokwiya. Ofufuza anakonza nkhuni, ndipo odwala, maloya ndi bwalo la milandu ndiwo anayatsa moto.

Lamulo latsopanoli likuteteza ufulu wa odwala maganizo, likulamula kuti pakhale khonsolo ya dziko lonse yoyang'anira nchitoyi, ndipo likukhudzanso thandizo kwa akaidi m'ndende. Koma linabwera ndi mkangano wake. Cigawo 4 cimanena kuti ngati matenda acititsa munthu kulephera kuganiza bwino, munthuyo salinso ndi mphamvu yodzipangira zosankha pamaso pa lamulo. Mabungwe a anthu olumala anatsutsa zimenezi, ponena kuti pangano la United Nations limafuna kuti munthu athandizidwe kusankha, osati kulandidwa ufulu wosankha. Pa funso lotere kafukufuku angathandize kuonetsa zotsatira za njira iyi kapena iyo, koma sangagamule. Ndi nkhani ya cimene dziko likuona kuti ndi cilungamo, ndipo malo ake ndi Nyumba ya Malamulo ndi mabwalo a milandu.

Umboni umene wachulidwa mpaka pano ndi woonetsa vuto. Pali mtundu waciwiri, woonetsa cimene cimathandiza, ndipo pa mtundu umenewu Zambia ili ndi zambiri zonyadira kuposa mmene anthu ambiri amaganizira.

Funso lalikulu linali lakuti: ngati akatswiri ali ocepa cotere, kodi anthu ena angathe kugwira mbali ya nchito yao? Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linayambitsa pulogalamu yochedwa mhGAP mu 2008, ndipo mu 2010 linatulutsa buku lotsogolera anamwino ndi makilinika ofisa kuzindikira ndi kuthandiza matenda onga kuvutika maganizo, misala, khunyu ndi ucidakwa. WHO inali kunena kuti m'maiko osauka, oposa atatu mwa odwala anai alionse salandira thandizo lililonse. Koma malangizo olembedwa ku Geneva ayenera kuyesedwa m'makomboni enieni, m'zilankhulo za anthu.

Mmene kuyesako kumacitikira si kwacilendo kwa mlimi aliyense amene anaonapo munda wacitsanzo wa alangizi. Mlimi akabyala mbeu yatsopano m'munda wonse n'kukolola zambiri, sangadziwe ngati ndi mbeuyo kapena ndi mvula imene inagwa bwino caka cimeneco. Alangizi amagawa munda pawiri, mbali ina mbeu yatsopano, mbali ina yakale, nthaka imodzi, mvula imodzi. Ofufuza za umoyo amacita cimodzimodzi. Amagawa anthu m'magulu awiri mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Gulu lina limalandira thandizo latsopano, lina limapitiriza ndi limene lilipo kale. Gulu laciwirili ndi lofunika kwambiri pa matenda a maganizo, cifukwa anthu ambiri amayamba kupezako bwino paokha pakapita nthawi, ndipo ena amapepukidwa cabe cifukwa wina wawafunsa za mavuto ao. Popanda gulu loyerekezera, pulogalamu iliyonse ingathe kudzitama kuti yaciritsa anthu.

Kafukufuku wotere anacitika mu Lusaka mu 2012 ndi 2013, motsogoleredwa ndi Dr Laura Murray wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, mogwirizana ndi ofufuza ndi mabungwe a muno. Anatenga ana 257 a zaka zapakati pa 5 ndi 18, amasiye ndi ena okhala movutika, amene anakumana ndi zoopsa monga kumenyedwa, kuona nkhanza panyumba kapena kugwiriridwa. Aphungu a uphungu amene anawathandiza sanali madokotala. Anali anthu wamba amene anaphunzitsidwa njira yochedwa TF-CBT, imene imathandiza mwana kulankhula za cimene cinamucitikira pang'onopang'ono, kucepetsa mantha, ndi kuwongola maganizo olakwika monga kudziimba mlandu. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015. Mwa ana amene analandira njirayi, zizindikiro za kuvulala mumtima zinatsika ndi maperesenti pafupifupi 82. Mwa amene analandira thandizo la nthawi zonse, zinatsika ndi maperesenti 21 cabe.

Nambala yaciwiriyo ndi yofunika kuiganizira. Ana a m'gulu loyerekezera sanasiyidwe opanda kanthu. Anali kulandira uphungu ndi cisamaliro cimene mabungwe anali kupereka kale kwa ana amasiye, cimene opereka ndalama anali kulipira kwa zaka zambiri ndi mtima wabwino. Kafukufuku anaonetsa kuti mtima wabwino wokha sunali kucotsa zilonda za mumtima. Uwu ndi umboni wowawa kwa opanga ndondomeko, cifukwa umawauza kuti asinthe cinthu cimene anacizolowera.

Gulu lomwelo, pamodzi ndi bungwe la Serenity Harm Reduction Programme Zambia, linayesanso njira ina yochedwa CETA pa vuto limene pafupifupi komboni iliyonse ikulidziwa: mowa ndi nkhanza za m'banja. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti amai 36 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15. Ofufuza anatenga mabanja 248 m'madera atatu a mu Lusaka, mmene mkazi anali kucitiridwa nkhanza ndipo mwamuna anali kumwa mowa moika moyo pa ciswe. Mwamuna ndi mkazi anali kukumana ndi aphungu ao payekhapayekha. Patatha miyezi 12, komiti yoima payokha yoyang'anira citetezo ca anthu a m'kafukufuku inaona kuti kusiyana kwa magulu awiriwo kunali kwakukulu, nkhanza zatsika ndipo kumwa kwacepa, moti inalangiza kuti kuyerekezako kuimitsidwe ndipo gulu linalo nalonso lipatsidwe thandizolo. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2020.

Ku Zimbabwe, tsidya lina la Zambezi, kunapezeka zofanana. Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa amai acikulire ogwira nchito zaumoyo m'madera kuti azikhala pa benchi panja pa kiliniki ndi kukambirana ndi anthu ovutika ndi cimene Ashona amachula kufungisisa, kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, wosindikizidwa mu 2016, anaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 pa 100 alionse amene anakhala pa benchi anali akali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 a m'gulu lina. Cimene cinathandiza benchiyo kufalikira ndi cakuti kuyambira paciyambi inali pa makiliniki a mzinda ndipo inali kugwiritsa nchito anthu amene anali kale m'dongosolo la zaumoyo.

Mfundo yomalizayi ikufikitsa nkhani pa funso lovuta: ngati njira zoyesedwa zilipo, cifukwa ciani munthu wovutika maganizo ku Chadiza kapena ku Kalikiliki sazipeza mosavuta?

Coyamba, kafukufuku amacitika m'malo osamalidwa. Mphungu wa m'kafukufuku amaphunzitsidwa bwino, amakhala ndi womuyang'anira amene amakambirana naye za odwala ake kawirikawiri, amapatsidwa ndalama ya mayendedwe, ndipo amakhala ndi nthawi yokwanira pa munthu mmodzi. Namwino wa pa kiliniki yakumudzi amakhala ndi mzere wa amai oyembekezera, ana a malungo ndi anthu odzatenga mankhwala a HIV. Kumutumiza ku maphunziro a masiku asanu ku hotela n'kosavuta, ndipo kumaoneka bwino m'lipoti. Koma akabwerera popanda womuyang'anira, popanda cipinda cokambiranamo mwacinsinsi, ndipo mankhwala a khunyu kapena a misala mulibe m'kabati, zimene anaphunzira zimazirala. Kuyang'anira kosalekeza ndiko mtima wa njira zonsezi, ndipo ndiko kumayamba kudulidwa ndalama zikacepa.

Caciwiri ndi mwini wa ndalama. Kafukufuku wamkulu wa umoyo wa maganizo amene wachulidwa pano analipiridwa ndi maiko akunja. Polojekiti ikatha, aphungu amene anaphunzitsidwa amasowa wowalipira, ndipo ambiri amapita kukafuna nchito zina. Luso limene linatenga zaka kulimanga limamwazika. Bungwe la DFID la ku Britain, limene linalipira kafukufuku wa mu 2005, linathetsedwa mu 2020 pophatikizidwa ndi unduna wa zakunja wa dzikolo. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri kumaiko akunja, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa caka comweco. Nchito iliyonse imene siinalowe m'bajeti ya boma la Zambia inaoneka poyera kuti inali yobwereka.

Cacitatu ndi kusowa kwa ziwerengero, kumene kumazungulira ngati njinga ya pa citsime. Wodwala akafika pa kiliniki ndi mutu wosatha, kusowa tulo ndi kugunda kwa mtima, ndipo namwino sanaphunzitsidwe kuzindikira kuvutika maganizo, amapatsidwa panado, ndipo m'kaundula mumalembedwa kupweteka kwa mutu. Kaundulayo akafika ku ofesi ya boma, kenako ku likulu la unduna, amaonetsa kuti matenda a maganizo ndi ocepa. Wogawa ndalama amaona ziwerengero zocepazo n'kupereka zocepa. Popanda ndalama palibe maphunziro, ndipo caka cotsatira kaundula amanenanso zomwezo. Pa dziko lonse, WHO inanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse ali ndi vuto la maganizo, pamene maboma amapereka ku nchitoyi pafupifupi maperesenti awiri cabe a bajeti zao za zaumoyo. Vuto si la Zambia yokha, koma limapweteka kwambiri kumene bajeti yonse ili kale yaing'ono.

Pali cinanso cimene ofufuza eni ake ayenera kuvomereza. Mayeso akuluakulu awiri aja anacitikira mu Lusaka. Anthu a m'makomboni a mu Lusaka amakhala pafupi ndi pafupi, ndipo kufika kwa mphungu mlungu uliwonse ndi nkhani ya kuyenda pansi kapena kukwera minibasi. Kumudzi ku Chama kapena ku Nyimba, kiliniki ingakhale pa mtunda wa makilomita ambiri, milatho imadutsika movutikira nthawi ya dzinja, ndipo nthawi yolima palibe amene angasiye munda kwa milungu khumi kuti azikakambirana za mtima wake. Dziko limene kalembera wa mu 2022 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 19 miliyoni, ambiri mwa iwo okhala kumidzi, likufunika umboni wocokera kumidziko. Wopanga ndondomeko amene afunsa ngati zotsatira za ku Lusaka zingagwire nchito ku Cigawo ca Kum'mawa sakuzemba. Akufunsa funso loyenera.

Cilankhulo naco cili ndi mbali yake. Munthu sangafike pa kiliniki n'kunena dzina la matenda lopezeka m'mabuku a madokotala. Amati akuganiza kwambiri, mtima wake ndi wosweka, thupi ndi lolemera, kapena kuti zinthu zikumuyenda m'mutu. Ofufuza a ku Lusaka ndi ku Harare anayamba ndi kumvetsera mmene anthu amafotokozera mavuto ao asanapange mafunso oyesera. Ndondomeko imene idumpha sitepe imeneyi imapereka kwa namwino fomu ya mafunso otembenuzidwa kucokera ku Cingelezi, amene wodwala amayankha mwaulemu koma osawamvetsa.

Ofufuza aphunziranso kulankhula cilankhulo ca Unduna wa za Cuma. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi WHO, wosindikizidwa mu 2016 ndipo wokhudza maiko 36, anawerengera kuti dola imodzi yoikidwa pa kuthandiza anthu ovutika maganizo ndi nkhawa imabweza pafupifupi madola anai, kudzera mu umoyo wabwino ndi kubwerera kwa anthu ku nchito. Ciwerengero cimeneci cimachulidwa kwambiri pa tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo, pa 10 Okutobala. Cili ndi mphamvu, koma cili ndi kofooka kwake pa ndale: dola imatuluka lero m'thumba la unduna umodzi, pamene madola anai aja amabwerera mwakabisira patapita zaka, m'mabanja, m'minda ndi m'makampani, kumene nduna singathe kuwaloza ndi cala pa nthawi ya masankho. Cipatala catsopano cimaoneka. Mai amene wayambanso kugona tulo ndi kugulitsa pa msika saoneka pa cithunzi.

Dziko lili nazo zida zina zolumikizira mbali ziwirizi. Lamulo la National Health Research Act la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority, loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo ndi kulimbikitsa kuti zotsatira zake zigwiritsidwe nchito. Ubwino wake ndi wakuti boma lingathe kunena lokha mafunso amene likufuna mayankho ake, m'malo modikira zimene opereka ndalama akunja asankha. Pa umoyo wa maganizo mafunso otsalawo si akuti kodi uphungu umagwira nchito. Ndi akuti njira yotere idzadya makwacha angati pa boma limodzi, ndani adzayang'anira aphungu, ndipo adzalembedwa pa malipiro a boma ndi dzina la udindo lotani.

Zosankha zotere sizicitikira pa misonkhano ya ofufuza. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000, ndipo caka comweco thumba la citukuko ca madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndalama zimene mbali yake imamanga makiliniki ang'onoang'ono ndi nyumba za amai oyembekezera. Pamene mndandanda wa maudindo olembedwa nchito ukukonzedwa, m'pamene pamagamulidwa ngati kiliniki idzakhala ndi namwino wa matenda a maganizo. Pamene komiti ya dera ikuvomereza pulani ya kiliniki yatsopano, m'pamene pamagamulidwa ngati mudzakhala kacipinda kokhala ndi citseko, mmene mai womenyedwa angalankhule osamvedwa ndi anthu a pa mzere.